Momwe Mnyamata Wosewera pa Mzere wa Kutsogolo mu Mpira wa ku America Angapezere Malo pa Timu ya Koleji

Pa anyamata 11 amene timu imalowetsa m'bwalo pa mpira wa ku America, pali ena amene amatha chaka chonse osathamangapo ndi mpira kapena kuuwakha ngakhale kamodzi. Amenewa ndi anyamata amatupi akuluakulu amene amawerama pa mzere wa kutsogolo moyang'anizana ndi adani awo, ndipo aliyense wa iwo amatchedwa lineman. Ntchito yawo ndi kukankha, kutchinga ndi kutsegula njira kuti anzawo adutse, kapena, ngati ali mbali yoteteza, kuboola mzere wa adani kuti akagwire amene ali ndi mpira. Mnzawo wothamanga ndi mpira amatuluka m'bwalo ali ndi chiwerengero cha mayadi amene wathamanga, woponya naye amakhala ndi chiwerengero cha zigoli, koma lineman, makamaka wa mbali youkira, amatuluka alibe nambala iliyonse yomuchitira umboni. N'chifukwa chake banja limene likufuna kuti mwana wotere akasewere ku koleji siliyenera kudikira kuti mbiri yake iziyenda yokha. Umboni wake uyenera kusonkhanitsidwa mwadala, n'kukaikidwa m'manja mwa aphunzitsi a matimu a makoleji.

Malangizo awa ndawalembera makolo, amalume ndi azakhali amene akulera mnyamata wosewera malo amenewa pa sukulu ya sekondale ku United States, monga zimachitikira m'mabanja a Amalawi okhala m'madera ngati South Bend ku Indiana, pafupi ndi Yunivesite ya Notre Dame. Ambiri a ife tinakulira mpira wamiyendo, ndipo dongosolo loti mwana alipiriridwe maphunziro chifukwa cha masewera ndi lachilendo kwa ife. Sekondale ya kumeneko ndi ya zaka 4, kuyambira giredi 9 mpaka giredi 12, ndipo pafupifupi chilichonse chimene ndifotokoze chimayendera magiredi amenewa.

Dziwani malo a mwanayo ndi makwerero a makoleji

Mbali youkira imakhala ndi anyamata 5 pa mzere. Pakati pamakhala center, amene amayambitsa sewero lililonse popatsira mpira kudzera pakati pa miyendo yake kwa quarterback, yemwe ndi woponya mpira wa timu. Uku ndi uku kwa center kumakhala ma guard awiri, ndipo kumapeto kwa mzere kumakhala ma tackle awiri, mwa iwo wa kumanzere ndiye amafunidwa kwambiri chifukwa amateteza kumsana kwa quarterback woponya ndi dzanja lamanja, kumene iye sangaone mdani akubwera. Mbali yoteteza imakhala ndi ma defensive tackle mkati ndi ma defensive end m'mphepete. Musamulole mwana wanu kukakamira malo amodzi, chifukwa aphunzitsi a koleji amasuntha anyamatawa kawirikawiri malinga ndi mmene thupi likukulira. Tyler Linderbaum analowa pa Yunivesite ya Iowa ngati defensive tackle, koma aphunzitsi anamusamutsira pa center, ndipo ndi pamalo amenewo pamene anatengedwera ku NFL, ligi yaikulu ya akatswiri olipidwa, ndi timu ya Baltimore Ravens mu 2022.

Makoleji nawo ali m'magulu. Bungwe lalikulu loyendetsa masewera a m'makoleji ndi NCAA, lomwe lili ndi Division I, Division II ndi Division III, ndipo Division I pa mpirawu inagawikanso pawiri, FBS ya matimu akuluakulu oonetsedwa pa wailesi yakanema ndi FCS ya matimu ocheperako. Kunja kwa NCAA kuli bungwe la NAIA la makoleji ang'onoang'ono, komanso makoleji a zaka 2 otchedwa junior college. Kwa zaka zambiri timu ya FBS inkaloledwa kupereka masikolashipu athunthu 85, ya FCS ndalama zofanana ndi masikolashipu 63 zomwe zimatha kugawidwa zidutswazidutswa, pamene ya Division II imapereka zofanana ndi 36. Division III sipereka sikolashipu ya masewera, ngakhalenso mayunivesite a Ivy League monga Harvard ndi Yale, koma kumeneko mwana amatha kuthandizidwa potengera kuchepa kwa ndalama za banja, ndipo ku Division III potengeranso magiredi ake, ndipo nthawi zina thandizo limenelo limaposa chidutswa cha sikolashipu ya masewera.

Anyamata osewera mpirawu ku sekondale m'dziko lonselo ndi pafupifupi 1 miliyoni. Mwa 100 aliwonse, ochepera 8 ndi amene amakasewera m'makoleji a NCAA, ndipo pafupifupi 3 okha ndi amene amafika ku Division I. Ku matimu akuluakulu a FBS, ma tackle ambiri ndi aatali mamita 1.93 kapena kuposerapo ndipo amalemera pafupifupi mapaundi 300, omwe ndi makilogalamu 136. Mnyamata wa mamita 1.85 amene ali ndi luso lenileni sanatsekeredwe khomo, koma khomo lake nthawi zambiri limakhala la center kapena guard ku FCS, Division II kapena Division III. Ndimaona kuti mabanja ambiri amataya chaka chonse akugogoda pa makomo a masukulu otchuka okhaokha, pamene sukulu yomwe ikanamusamala mwanayo ili pa mtunda wa maola awiri okha. Ali Marpet anasewera pa Hobart College, sukulu ya Division III, ndipo mu 2015 timu ya Tampa Bay Buccaneers inamutenga mu raundi yachiwiri ya kasankhidwe ka osewera a NFL.

Maphunziro ayambe kukonzedwa mu giredi 9

Mphunzitsi wa timu ya koleji akafika pa sekondale, asanaone kanema wa mwana wanu amayamba wafunsa za magiredi, chifukwa sangataye sikolashipu pa mnyamata amene NCAA singamulole kusewera. Kuti mwana aloledwe ku Division I ayenera kumaliza maphunziro 16 ovomerezeka otchedwa core courses: zaka 4 za Chingerezi, zaka 3 za masamu kuyambira Algebra 1 kupita m'tsogolo, zaka 2 za sayansi, chaka chimodzi chowonjezera pa Chingerezi, masamu kapena sayansi, zaka 2 za maphunziro a chikhalidwe cha anthu monga mbiri yakale, ndi zaka 4 zina za maphunziro ovomerezeka. Pa maphunziro amenewa ayenera kupeza GPA, yomwe ndi avereji ya magiredi ake, yosachepera 2.3, pamene Division II imafuna 2.2. Pali lamulo lina limene limagwetsa ambiri: maphunziro 10 mwa 16 amenewa ayenera kutha mwana asanayambe giredi 12, ndipo 7 mwa 10 amenewo akhale a Chingerezi, masamu kapena sayansi. Choncho mwana amene anasewera ndi sukulu mu giredi 9 ndi giredi 10 sangadalire chaka chomaliza kuti akonzere zonse.

Chochita n'chosavuta. Kumayambiriro kwa chaka chilichonse pitani kwa mlangizi wa ophunzira pa sukulupo, muwauze kuti mwanayo akufuna kukasewera ku koleji, ndipo muwapemphe kuti ayerekeze maphunziro amene wasankha ndi mndandanda wa maphunziro amene NCAA inavomereza pa sukuluyo, popeza si phunziro lililonse la pa sekondale limene limawerengedwa. GPA ya pa lipoti la sukulu ikhoza kukhala yokwera chifukwa cha maphunziro opepuka, pamene ya maphunziro 16 aja ili pansi. Mulembetseni mwanayo pa intaneti ku NCAA Eligibility Center, ofesi younika ngati ali woyenera kusewera, ali mu giredi 10, ndipo ngati mukuganiziranso makoleji a NAIA dziwani kuti iwo ali ndi ofesi yawoyawo yolembetserako. Kuyambira mu 2023 NCAA inasiya kufuna zotsatira za mayeso a SAT kapena ACT, koma mayunivesite ena amazifunabe polowetsa ophunzira, choncho funsani sukulu iliyonse payokha. Ngati mwanayo anayambira sekondale ku Malawi kapena ku Zambia n'kudzapitiriza ku America, malipoti a sukulu za kwathu nawonso ayenera kutumizidwa kuti aunikidwe, ndipo kuwaitanitsa kumatenga miyezi, choncho yambani msanga.

Thupi likule mwadongosolo, osati monenepetsa

Cholakwika chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chonenepetsa mwana mwadala kuti afike mapaundi 300 ali mu giredi 10. Aphunzitsi a mzere wa kutsogolo sayang'ana sikelo yokha. Amayang'ana msinkhu, kutalika kwa mikono, kukula kwa mapewa ndi zikhatho, ndipo koposa zonse amafuna kuona ngati mnyamatayo amatha kupinda akakolo, mawondo ndi chiuno n'kukhala pansi msana uli wowongoka, chifukwa amene amawerama ndi msana amakankhidwa mosavuta ndi mnzake wamfupi amene walowa pansi pake. Mnyamata wamtali wa mapaundi 255 amene mapazi ake ndi opepuka amawakopa kwambiri kusiyana ndi wa mapaundi 320 amene amapuma wefuwefu pakatha masewero atatu. Koleji ili ndi akatswiri a zakudya ndi zonyamula zitsulo amene angawonjezere thupi labwino m'zaka ziwiri, koma sangatalikitse mikono kapena kupepukitsa mapazi amene analemera ali aang'ono.

Njira yabwino yokulitsira thupi lotere ndi kumulola mwanayo kusewera masewera ena nyengo ya mpira ikatha. Masewera ogwetsana a wrestling amaphunzitsa kugwiritsa ntchito manja ndi kulimbitsa mapazi pansi, basketball imaphunzitsa kuyenda cham'mbali, ndipo kuponya chitsulo cha shot put kapena discus kumaonetsa mphamvu ya m'chiuno m'manambala amene mphunzitsi aliyense angawakhulupirire. Apa ndi pamene lineman amapezera nambala zomwe bwalo la mpira silimupatsa. Tristan Wirfs wa ku Mount Vernon ku Iowa anapambana mipikisano ya chigawo chonse pa wrestling ndi pa kuponya zitsulo ali ku sekondale, kenako anasewera pa Yunivesite ya Iowa, ndipo mu 2020 anali wosewera wa nambala 13 kusankhidwa ku NFL.

Dziwaninso kuti anyamata a malo amenewa amakhwima mochedwa, ndipo akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Lane Johnson anali quarterback pa Kilgore College, koleji ya zaka 2 ku Texas, ndipo anadzakhala tackle atafika kale pa Yunivesite ya Oklahoma, mpaka mu 2013 anasankhidwa wa nambala 4 ku NFL. Chaka chomwecho woyamba kusankhidwa anali Eric Fisher wa pa Central Michigan, tackle amene masukulu akuluakulu sanamulabadire ali ku sekondale. Prince Tega Wanogho anachoka ku Nigeria kupita ku Alabama mu 2014 ali ndi maganizo osewera basketball, anayamba mpirawu ali komweko pa Edgewood Academy, ndipo mu 2015 anasaina ndi Yunivesite ya Auburn. Choncho ngati mwana wanu ali mu giredi 11 ndipo foni siinayambe kulira, musafulumire kuganiza kuti zatha. Kwa mabanja amene ali ku Britain, kuli NFL Academy, yomwe inatsegulidwa ku London mu 2019 ndipo tsopano ili ku Loughborough, yophunzitsa achinyamata a zaka 16 mpaka 19 amene ena mwa iwo amapita ku makoleji a ku America.

Kanema ndiye mboni yake

Masukulu ambiri a sekondale amaika makanema a masewero awo pa tsamba la pa intaneti lotchedwa Hudl, ndipo wosewera aliyense amatha kudula zigawo zake n'kupanga kanema wamfupi. Kanema ameneyu asapitirire mphindi 4, ndipo masewero 5 oyambirira akhale abwino koposa onse, chifukwa mphunzitsi amene ali ndi makanema mazanamazana oti aonere amagamula m'mphindi yoyamba ngati apitirize kapena ayi. Pa sewero lililonse ikani kamuvi kapena kabwalo kosonyeza mwanayo mpira usanayambe kuyenda, kenako kachotseni kuti kasatchinge mapazi ake. Pa anyamata 22 ovala zisoti, palibe mlendo amene angamuzindikire mwana wanu popanda chizindikiro chimenechi. Nyimbo, zithunzi zoyenda pang'onopang'ono ndi zokongoletsa zina zisiyeni.

Posankha masewero, musangotenga amene mwanayo anagwetsa mnzake wamng'ono chagada. Mphunzitsi wodziwa ntchito amafuna kuona zinthu zosiyanasiyana: mmene amabwerera m'mbuyo poteteza quarterback mapazi osapingasana, mmene amakankhira mdani kutsogolo pa sewero lothamanga ndi mpira, mmene amachokera pamalo pake n'kuthamanga m'mbali kukatchinga wina kutali, ndiponso ngati amalimbikira mpaka wezulo italira. Sewero limodzi labwino lolimbana ndi mdani amene aliyense akumudziwa kuti akupita ku koleji limaposa masewero 10 olimbana ndi ana ofooka. Ngati sukulu imajambulanso kuchokera kumbuyo kwa golo, gwiritsani ntchito kanema ameneyo, popeza ndi amene amaonetsa bwino manja ndi mapazi a lineman. Khalaninso ndi kanema wa masewero athunthu awiri, chifukwa mphunzitsi amene wachita chidwi adzafuna kuona zimene mwanayo amachita atatopa, ataluza sewero lapitalo, kapena mpira ukupita mbali ina.

Kumayambiriro kwa kanema lembani dzina, sukulu, chaka chomalizira sekondale, malo amene amasewera, msinkhu, kulemera, GPA ndi nambala ya foni ya mphunzitsi wake wa pa sekondale. Msinkhu ndi kulemera zikhale zoona. Tsiku loyamba limene mwanayo adzaponde pa koleji adzamuvula nsapato n'kumuyeza, ndipo mainchesi awiri amene munawonjezera adzachititsa kuti akayikire china chilichonse chimene munalemba.

Kulumikizana ndi makoleji

Munthu woyamba kukhala naye pansi ndi mphunzitsi wamkulu wa timu ya pa sekondale. Iyeyu ndi amene aphunzitsi a makoleji amamuimbira kufunsa za khalidwe la mwana, ndipo mawu ake amalemera kuposa a kholo. Mufunseni mosabisa kuti akuona mwanayo akukwanira gulu liti la makoleji, ndipo yankho lake mulilandire ngakhale litakhala lowawa. Kenako lembani mayina a masukulu 30 kapena kuposerapo, ochepa a pamwamba, ambiri a msinkhu umene mphunzitsiyo wanena, ndi ena a pansi pake, onse akhale oti ali ndi maphunziro amene mwanayo akufuna. Pa tsamba la pa intaneti la timu iliyonse pamakhala fomu yoti ofuna kusewera adzaze. Akadzaza fomuyo, mwanayo alembe kalata yaifupi ya pa imelo kwa mphunzitsi wa mzere wa kutsogolo komanso kwa mphunzitsi amene amayang'anira dera lanu, n'kuikamo adiresi ya kanema uja. Alembe mwini wake, osati inu. Kwathu mwana salankhula pamaso pa akuluakulu, koma kuno mnyamata amene bambo ake amamulankhulira chilichonse amaonedwa ngati sanakhwime. Aphunzitsi ambiri amagwiritsanso ntchito tsamba la mchezo la X polumikizana ndi osewera, choncho tsamba la mwanayo likhale ndi dzina lake lenileni ndipo lisakhale ndi zochititsa manyazi.

Musadabwe ngati mayankho sakubwera mwana ali wamng'ono. Malamulo a Division I salola aphunzitsi a mpirawu kuyamba kuimbira kapena kulembera mwana mauthenga okopa mpaka pa 15 Juni akamaliza giredi 10, ndipo pa chaka pamakhala nyengo zina zotchedwa dead period pamene saloledwa kukumana naye maso ndi maso. Kalendala imeneyi imasinthasintha, choncho chaka chilichonse ioneni pa tsamba la NCAA.

Mwezi wa Juni ndi wofunika kwambiri kwa lineman, chifukwa ndi pamene makoleji amachititsa makampu a tsiku limodzi pa mabwalo awo. Kumeneko mphunzitsi wa mzere amamuyeza mwanayo ndi manja ake, amamuphunzitsa kaimidwe kena n'kuona ngati wamva msanga, kenako amamuika kuti alimbane ndi mnzake mmodzi, awiri okha pakati pa bwalo. Malonjezo ambiri a sikolashipu kwa anyamata a pa mzere amatuluka pa tsiku lotere. Makampu amalipiritsa, ndipo kalata yoitanira ku kampu yotumizidwa kwa ana masauzande si chizindikiro choti akumufuna. Sankhani makampu atatu kapena anayi a masukulu amene mphunzitsi wake walankhula ndi mwanayo mwachindunji, kapena makampu aakulu amene aphunzitsi a masukulu ambiri amasonkhanako, ndipo muwatalikitse masiku kuti asakafike atatopa. Mabungwe monga 247Sports ndi ESPN amapereka nyenyezi kwa osewera posonyeza mmene akuonera luso lawo, ndipo palinso makampani olipiritsa amene amalonjeza kugulitsa dzina la mwana ku makoleji. Nyenyezi zimathandiza kuti dzina limveke, koma sizisaina pepala lililonse, ndipo palibe chimene kampani yolipiritsa ingachite chimene inu, mwanayo ndi mphunzitsi wake simungachite nokha.

Lonjezo la pakamwa ndi lonjezo la papepala

Tsiku lina mphunzitsi adzanena kuti sukulu yake ikupereka sikolashipu kwa mwana wanu. Sangalalani, koma kumbukirani kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Lonjezo la pakamwa silimanga sukulu kapena mwana, ndipo masukulu ena amalonjeza anyamata ambiri kuposa malo amene ali nawo. Funso loti mwanayo afunse mwaulemu ndi lakuti, ngati atavomera lero lomwe, kodi sukuluyo imulandira? Ngati yankho likuzungulira, ndiye kuti ali pa mzere wodikira. Ku Division I lonjezo lolembedwa silingatumizidwe tsiku la 1 Ogasiti la chaka choyambira giredi 12 lisanafike.

Maulendo okaona sukulu ali mitundu iwiri. Pali umene banja limadzilipirira lokha, ndipo pali umene sukulu imalipira mayendedwe, chakudya ndi malo ogona, womwe pa mpirawu umayamba kuloledwa pa 1 Epulo mwana ali mu giredi 11. Kale mwana ankaloledwa maulendo olipiriridwa 5 okha ku Division I, koma kuyambira mu 2023 malire amenewo anachotsedwa, kungotsala lamulo la ulendo umodzi pa sukulu iliyonse. Pa ulendo wotere adzakuonetsani zipinda zokongola ndi mayunifolomu, koma inu funsani zimene zidzakhudze moyo wa mwanayo. Mphunzitsi wa mzere wa kutsogolo wakhala pa sukulupo zaka zingati, popeza ndi iyeyo amene adzakhale ndi mwana wanu tsiku lililonse? Ndi anyamata angati a pa mzere amene akutenga chaka chino, nanga mwa amene akusewera panopa ndi angati amene anakulira pomwepo ndipo ndi angati amene anachokera ku makoleji ena? Funso limeneli lakula kuyambira mu 2018 pamene NCAA inakhazikitsa transfer portal, njira imene osewera amasamukira ku sukulu ina, chifukwa matimu akuluakulu tsopano amakonda kutenga lineman wa zaka 21 wokhwima kale kusiyana ndi kulera wa zaka 18. Zimenezi zachepetsa malo a ana a sekondale pamwamba, koma zatsegulanso njira yoti mnyamata ayambire pa sukulu yaing'ono, asewere zaka ziwiri, kenako akwere. Funsaninso ngati maphunziro amene mwanayo akufuna, monga uinjiniya kapena unamwino, amagwirizana ndi nthawi ya zokonzekera masewero, ndipo mulole mwanayo acheze ndi osewera aphunzitsi palibe.

Nthawi zina sukulu imapereka malo pa timu popanda sikolashipu, zimene amazitcha preferred walk-on. Jason Kelce analowa pa Yunivesite ya Cincinnati wopanda sikolashipu, akusewera malo a linebacker ku mbali yoteteza, asanasamutsidwire pa mzere n'kudzakhala center wotchuka wa Philadelphia Eagles. Njirayi ilipo ndithu, koma fizi yonse imakhala pa mapewa a banja, choncho iyerekezeni mosamala ndi sukulu yaing'ono imene ikupereka ndalama.

Mafunso a thanzi amene simuyenera kuchita nawo manyazi

Anyamata amatupi akuluakulu ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu cha kutenthedwa thupi mopitirira muyeso pokonzekera masewero m'nyengo yotentha. Korey Stringer, tackle wa Minnesota Vikings, anamwalira ndi vutoli mu 2001, ndipo Jordan McNair, lineman wa zaka 19 wa pa Yunivesite ya Maryland, anamwalira mu Juni 2018 patatha milungu iwiri atadwala pa bwalo lokonzekera. Mankhwala odziwika a vutoli ndi kumumiza munthuyo m'madzi ozizira kwambiri nthawi yomweyo asanamutengere ku chipatala. Funsani, ku sekondale ndi ku koleji komwe, ngati pambali pa bwalo pamakhala bafa la madzi oundana ndiponso ngati wachipatala wa timu ali ndi mphamvu yoimitsa zokonzekera ngakhale mphunzitsi asakufuna.

Nkhani ina imatikhudza ife ochokera ku Africa mwapadera. Anthu ambiri a kwathu ali ndi chibadwa cha sikoselo m'magazi koma sadwala, ndipo ena sadziwa n'komwe kuti ali nacho. Munthu wotere amatha kusewera bwinobwino, koma akathamangitsidwa mowirikiza osapuma, makamaka kukutentha kapena kumalo okwera, magazi ake amatha kusokonekera mwadzidzidzi mpaka kugwa. Kuyambira mu 2010 NCAA inakhazikitsa lamulo loyeza chibadwachi kwa osewera a Division I. Musadikire koleji. Muyezetseni mwanayo ali ku sekondale, makamaka ngati anabadwira kwathu kumene mwina sanayezedwe ali wakhanda, ndipo zotsatira muwauze aphunzitsi ndi wachipatala wa timu. Chimodzimodzinso akagunda mutu n'kumamva chizungulire, asabise poopa kutaya malo.

Kusaina, ndalama ndi miyezi yotsatira

Ku Division I kuli nyengo ziwiri zosainira. Yoyamba, imene inakhazikitsidwa mu 2017, tsopano imayamba Lachitatu loyamba la Disembala ndipo imatenga masiku 3, pamene yachiwiri imayamba Lachitatu loyamba la Febuluwale. Chikalata chakale chotchedwa National Letter of Intent chinathetsedwa ku Division I mu Okutobala 2024, ndipo panopa mwana amasaina mgwirizano wa thandizo la ndalama ndi sukuluyo mwachindunji. Uwerengeni limodzi mzere ndi mzere musanagwire cholembera. Onani ngati ukulipira fizi yokha kapena ukuphatikiza chakudya, malo ogona ndi mabuku, ngati ndi wa chaka chimodzi kapena wa zaka zonse, ndiponso chimene chidzachitike mwanayo akavulala kapena mphunzitsi wamkulu akachotsedwa ntchito. Ngati Disembala wadutsa popanda chilichonse, tumizaninso kanema wa giredi 12 ku masukulu a FCS, Division II, NAIA ndi junior college, chifukwa ambiri a iwo amadzaza malo awo mu Januwale ndi Febuluwale.

Kuyambira pa 1 Julayi 2021 osewera a m'makoleji amaloledwa kupeza ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi nkhope zawo potsatsa malonda, zimene zimadziwika kuti NIL. Mu Juni 2025 khoti linavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wotchedwa House umene osewera anasumira NCAA, ndipo mgwirizanowo unalola masukulu olowa mu dongosololi kugawira osewera a masewera onse ndalama zofika pafupifupi madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba, n'kuika malire a osewera mpirawu 105 pa timu m'malo mwa malire a masikolashipu 85. Munthu aliyense wobwera ndi pepala loti akhale wothandizira mwana pa nkhani za ndalamazi, pepalalo lionedwe kaye ndi loya. Ngati mwanayo ali ku America pa viza ya ophunzira ya F-1, malamulo olowera m'dziko amaletsa ntchito zambiri zolipidwa, choncho asalandire ndalama ya NIL asanafunse ofesi ya ophunzira ochokera kunja ya pa yunivesiteyo.

Akasaina, sukulu ya sekondale siinathe. Ayenera kukhoza maphunziro otsala, kupempha Eligibility Center kuti imutsimikizire komaliza kuti sanasewerepo mpira wolipidwa, ndiponso kuonetsetsa kuti sukulu yatumiza lipoti lomaliza losonyeza tsiku limene anamalizira. Koleji idzamutumizira ndondomeko ya zolimbitsa thupi, ndipo aitsatire monga yalembedwera, popeza matimu ambiri a Division I amaitana osewera atsopano kumayambiriro kwa Juni. Mukonzekeretseninso mtima kuti chaka choyamba mwina sadzasewera. Malamulo a Division I amapatsa wosewera zaka 5 zoti aseweremo nyengo 4, ndipo ma lineman ambiri amagwiritsa ntchito chaka choyambacho, chotchedwa redshirt, kunyamula zitsulo, kuloweza masewero ndi kulimbana ndi akuluakulu anzawo pa zokonzekera. Kuyambira mu 2018 wosewera amatha kulowa m'masewero ofika 4 m'chaka chimenecho osataya nyengo yake, choncho pa ulendo wanu womaliza asananyamuke, funsani mphunzitsi wa mzere ngati akukonza zomugwiritsa ntchito motero, kuti inu mudziwe masewero amene mungagulire tikiti.